Intavyu sichitikira ku loji



Titatumiza uthenga woti tili pambuyo pa mabungwe a anthu apantchito pa nkhondo yoteteza amayi, mayankho ena anabwera otentha. Wina analemba kuti, "Ife ntchito tilibe, za yuniyoni zikutikhudza pati?" Funsolo ndi lomveka. Ambiri mwa ife amene timalemba mauthengawa madigiri ali m'sutikesi, kutacha ndi kuzungulira mu Limbe kapena ku City Centre ndi envulopu ya khaki kukhwapa. Koma tamverani kaye.

Mnzathu wina wamkazi, amene tinamaliza naye limodzi sukulu, anaitanidwa ku intavyu pa kampani ina mu Blantyre. Anamuuza okha kuti wakhoza. Madzulo ake foni inalira, bwana akuti gawo lachiwiri la intavyu likachitikira ku loji, ndipo abwere yekha. Anakana. Lero akugulitsa kaunjika. Sanakadandaule kulikonse poganiza kuti munthu amene sanalembedwe ntchito alibe poyambira. Atsikana amene mukuwerenga pano, nkhani yotere simukuimva koyamba. Anyamata ena amangoiseka ngati nthabwala, mpaka itagwera mlongo wawo.

Chimene mnzathuyu sankadziwa n'chakuti poyambira analipo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwiragwira pofuna zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende. Silinena kuti uyambe walandira kalata ya ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa, ndipo mu 2021 linatulutsa lipoti lotsimikiza madandaulo a amayi ogwira ntchito ku MBC okhudza yemwe anali mkulu wawo. Amayi aja akanakhala chete, lipoti limenelo silikanalembedwa.

Kunja nakonso mabungwe a apantchito, makamaka amayi a m'mabungwemo, anakankha kwa zaka zambiri mpaka ILO inavomereza pangano la nambala 190 ku Geneva mu June 2019. Panganoli ndi lothetsa nkhanza ndi chipongwe pantchito, ndipo mbali imene ikutikhudza ife ndi iyi: limateteza ofunafuna ntchito, ofunsira ntchito, ophunzira ntchito, ongodzipereka, ngakhale amene achotsedwa kale. Kunena kwina, limatchula ife amene tili ndi envulopu ya khaki. Namibia inalivomereza mu 2020, South Africa mu 2021. Kuno kwathu mabungwe a apantchito akhala akulikumbutsa boma, ndipo ife tikuwonjezera mawu athu.

Wina anganene kuti malamulo tili nawo kale okwanira. Papepala, eya. Employment Act ya 2000 imati ntchito yofanana malipiro akhale ofanana, imapatsa mayi tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo imaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pathupi. Mu 2021 anawonjezeramo masabata awiri a tchuthi cha abambo mwana akabadwa. Koma kafunseni mtsikana wa mu shopu, wa mu saluni, wantchito wapakhomo ku Area 47, ngati anaonapo masabata 8 amenewo. Mimba ikangooneka amauzidwa kuti "kapume kaye", ndipo akabwerako amapeza pamalo pake pali wina. Lamulo siliyenda lokha. Mtsikana mmodzi sangalimbane ndi bwana amene ali ndi loya, pamene iye alibe ndi ya minibasi yomwe yopitira ku Industrial Relations Court.

Tiyang'ane ku Thyolo ndi Mulanje. Amayi ambiri othyola tiyi amalembedwa pa kontirakiti ya nyengo yochepa. Nyengo ikatha, amene amanena kuti uyu abwerenso, uyu ayi, nthawi zambiri ndi kapitawo, ndipo akapitawo ambiri ndi amuna. Ganizirani mayi wa ana atatu, lendi ndi fizi zikumudikira, ndipo ntchito yake ya chaka chamawa ili m'manja mwa munthu mmodzi. Apa ndi pamene nkhanza imamera. Amayi 36 anasumira kampani ya Camellia, eni ake a Eastern Produce Malawi, ponena kuti anachitidwa nkhanza zogonana, ena kugwiriridwa, m'maesiteti. Mu February 2021 kampaniyo inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo ndalama za maloya, ngakhale sinavomere mlandu. Mlanduwu unakasumidwa ku London. Inde, ku London, osati ku Thyolo boma. Zimenezi zokha ziyenera kutichititsa manyazi.

Yuniyoni ya ogwira ntchito m'minda, PAWU, inasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016. Mgwirizano wotere ndi chida chenicheni, chifukwa ndi mmene mungalembedwe kuti kontirakiti isadalire nkhope ya kapitawo, komanso kuti wodandaula akhale ndi kwina kopita kusiyana ndi kwa yemwe wamulakwirayo.

Sitikunena kuti mayuniyoni ndi angelo. Pa 1 May timaona ndi maso athu amene amakhala pamipando yakutsogolo ndi amene amavina padzuwa. Ku MCTU ndi mabungwe ake tikuti: nkhani ya amayi isamangotuluka pa 8 March ndi pa masiku 16 oyambira mu November, matisheti akagawidwa basi yatha. Amayi akhale patebulo pokambirana malipiro, ndipo mtsogoleri wa yuniyoni akatchulidwa pa nkhani ya chipongwe, afufuzidwe ngati wina aliyense. Komanso mutifunefune. Achinyamata ambiri ali m'misika ndi m'maganyu, komwe MUFIS yokha singakwanitse.

Koma kudzudzula yuniyoni n'kosiyana ndi kuifoola. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha Labour Relations Act kuti bwana azitha kudula malipiro a anthu amene achita sitalaka kupitirira masiku atatu pachaka. Amene amayamba kugonja ndi lamulo lotere ndi wolandira zochepa, ndipo m'malo ambiri ameneyo ndi mayi. Ife amene timakonda kuguba tisaiwale kuti mu 1992 amene anatsika ndege n'kumangidwa chifukwa chofuna matipate anali Chakufwa Chihana, munthu wa yuniyoni, ndipo mwezi wotsatira ogwira ntchito ku David Whitehead anayambitsa sitalaka imene inagwedeza Blantyre.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Bwana akakutumizirani uthenga wa ku loji, musaufufute. Jambulani sikirini, sungani tsiku ndi nthawi, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kenako pitani ku Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Mukafuna wokuperekezani, tiuzeni ku inibokosi, dzina lanu silituluka pagulu. Amene mwapeza ntchito, funsani ngati pamalopo pali yuniyoni ndiponso ndondomeko yolembedwa yothana ndi chipongwe. Ngati palibe, tidziwitseni, tikusonkhanitsa mayankhowo kuti tikawatule kwa aphungu limodzi ndi pempho la pangano la 190.

Tumizani uthengawu kumagulupu anu, makamaka a anyamata okhaokha aja.