Nsanje Ikutichenjeza: Nkhondo Imayambira mu Ulamuliro



Tikukulemberani kalata ino tili ndi nkhawa, pokumbukira zomwe anthu a ku Nsanje aona ndi maso awo. Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, yomwe idayamba mu 1977, idathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni. Ambiri adawoloka mtsinje wa Shire, ena adalowera ku Marka, mpaka othawa nkhondo adachuluka kuposa eni boma la Nsanje. Alimi osauka adagawana nawo minda, nkhuni ndi zitsime. Mitengo idatha, zipatala ndi sukulu zidadzaza, njanji ya ku Beira idaleka kuyenda.

Nkhondoyi sidathe ndi mfuti. Idatha pa 4 October 1992 ku Rome, adaniwo atakhala pansi mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio komanso Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira. Tikufunsa: kukambirana komwe kudatheka anthu pafupifupi 1 miliyoni atafa, kudalephekeranji pachiyambi?

Chomvetsa chisoni n'chakuti mu December 2024 mabanja zikwizikwi adawolokanso Shire kuchokera ku Morrumbala, kuthawa ziwawa zomwe zidabuka chifukwa cha zotsatira za chisankho cha mu October chaka chomwecho. Owalandira adali anthu omwe namondwe wa Freddy adawasiya manja ali m'khosi mu 2023. Njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu.

Ena amati izi n'za ku Mozambique, sizitikhudza. Ife tikukana. Nafenso tidaona misewu yathu itadzaza utsi mu 2019, kufikira khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti mu February 2020. Chidatipulumutsa si kufatsa kwathu ayi, koma makhoti omwe adaima pa chilungamo. Mtsogoleri wofooketsa makhoti, wogula mavoti kapena wotuma achinyamata kukamenya otsutsa, akusonkha moto womwe udzatenthe ana a eni, ake ali kunja.

Choncho tikupempha aliyense wa ife: tikane ndalama ya chiwawa, tifunse aphungu ndi makhansala athu momwe chuma cha boma chikuyendera, ndipo mlendo wothawa nkhondo timulandire mwaulemu. Boma nalo lisasiyire mafumu ndi osauka a m'malire katundu yemwe ali wa fuko lonse. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.