Utsi wa Chilimwe ku Nkhotakota

Mvula ikangoleka mwezi wa Epulo, mpweya wa ku Nkhotakota umakhala woyera mbee. Munthu akaima pagombe amaona bwato la msodzi lili kutali, ndipo akatembenuka amaŵerenga mapiri a kumadzulo limodzilimodzi. Koma pofika Sepitembala ndi Okotobala zonsezi zimabisika. Kumwamba kumachita mbuu, dzuŵa limatuluka m'nyanja lili psuu ngati khala la moto, ndipo phulusa limagwera pa zovala zoyanika. Mlendo angayese kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timene timatuluka m'nyanja ngati mtambo. Iyayi, umenewu ndi utsi, ndipo wambiri umachokera ku moto woyatsidwa popanda chifukwa chokwanira.

Utsi wina ngwovuta kuupeŵa. Amayi ayenera kuphika, asodzi a ku Chia ayenera kuŵamba nsomba kuti zisawole, ndipo ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga inayamba kugwira ntchito mu 1979, nzimbe zimatenthedwa zisanadulidwe. Koma utsi umene umaphimba dera lonse kwa masabata ambiri ndi wa moto wa m'tchire. Amauyatsa ndi osaka mbeŵa, alenje, ndi alimi otentha mapesi pososa m'munda. Wouyatsa amapita kwawo kukagona, motowo nkumapitirira wokha usiku wonse.

Chimene chimaipitsa zinthu ndi mmene dziko la kumeneko linakhalira. Kumadzulo kuli mapiri, kummaŵa kuli nyanja, ndipo pakati pali zigwa za mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa. Usiku mpweya wozizira umatsika m'mapiri kutsata zigwazo. Popeza mpweya wozizira ndi wolemera, umakhazikika pansi, ndipo wofunda umakhala pamwamba pake monga chivindikiro pa mphika. Utsi umasoŵa potulukira. Nchifukwa chake umachuluka m'mamaŵa, nthaŵi yomwe ana ali pa njira ya ku sukulu ndipo amayi ali ku madzi ndi makanda kumsana. Dzuŵa likakwera utsiwo umabalalika pang'ono, koma woutsuka weniweni ndi mvula, ndipo mvula imadikira Novembala kapena Disembala.

Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno, koma iti timaloŵa mpaka m'mapapo. Munthu wamphamvu amangotsokomola ndi kutikita m'maso. Khanda, nkhalamba ndi wodwala mphumu amabanika, ndipo mwana wopuma utsi kaŵirikaŵiri sachedwa kugwidwa ndi chibayo. Kodi mpani umodzi wa mbeŵa ungalipire ulendo wa usiku wopita ndi mwana ku chipatala?

Ena amati moto uli ndi ubwino wake: umapha nkhupakupa, umathamangitsa njoka, ndipo palupsa pamaphuka msipu wa ziŵeto. Mawu ameneŵa sali abodza onse. Ngakhale oyang'anira nkhalango amatentha malo ena mwadala chisanu chikamayamba, udzu usanaumitse. Moto wotere umayenda pang'onopang'ono, umazima ndi mame a usiku, ndipo pamakhala anthu ouyang'anira. Moto wa Okotobala ndi wina. Udzu umakhala uli gwaa, mphepo ikuwomba, ndipo malaŵi amapha mitengo ing'onoing'ono, amapsereza udzu wofolera nyumba, mwinanso nkhokwe zimene.

Palinso china chimene wosaka mbeŵa sachiganizira. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndiyo imasunga mtsinje wa Bua. Mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo zonsezo zimafuna udzu ndi masamba. Mu Bua momwemo mumakwera mpasa, nsomba yokoma ija, kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi. Dziko likapsa nkukhala lambee, mvula yoyamba imakokolola dothi ndi phulusa kupita mumtsinje, matope nkukwirira timiyalato. Motero moto woyatsidwa kumtunda umachepetsa ndiwo kunyanja.

Mbeŵa zimagwidwa ndi misampha ndiponso pokumba mauna, monga amachitira anyamata oleza mtima. Mapesi akakwiriridwa m'mizere amawola nasanduka chonde, pamene akatenthedwa chimatsala ndi phulusa louluka ndi mphepo. M'midzi ina mafumu amalipitsa nkhuku kapena mbuzi munthu wotentha tchire, ndipo chilango chimenechi nchoyenera kufika m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Anthu a pamudzi akalambula njira yotchinga moto kuzungulira nyumba, manda ndi nkhalango yawo mwezi wa Juni, moto wochokera kutali umafika pamenepo nkuzima.