Nyumba ya yuro imodzi ku Sicily ndi mipanda ya ku Nkopola

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi ku hositelo wadwala matenda atsopano. Bandulo ikangolowa mufoni, amaonera mavidiyo a anthu amene anagula nyumba pa zilumba za m'nyanja ya Mediterranean. Sabata yatha anandidzutsa pakati pa usiku kuti ndione ya ku Sicily: nyumba ya miyala, khonde loyang'ana kuchigwa, mtengo wake yuro imodzi. "Aise, yuro imodzi! Chambo chimodzi pamsika wa Mangochi n'chodula kuposa nyumba imeneyi."

Sananame. Matauni ena a pachilumbachi, monga Sambuca ndi Mussomeli, akhala akugulitsa nyumba zakale pamtengo woyambira yuro imodzi, chifukwa achinyamata anathawira m'mizinda ikuluikulu ndipo nyumbazo zikugwa. Chimene mavidiyo amangochidumpha n'chakuti wogula amasayina kuti akonza nyumbayo m'zaka zochepa, amapereka chikole, ndipo kukonzako kumadya mayuro zikwizikwi. Koma za mtengo tizisiye. Chinandisowetsa tulo ndi mavidiyo ena amene anatsatira, a nyumba za m'mbali mwa madzi: mchenga woyera, miyala ikuluikulu, phiri kumbuyo, munthu mmodzi pampando ali ndi tambula m'manja. Malo oterowo ndimawadziwa. Kwathu ndi ku Nkopola. Zimene mnzangayu akulota zokachita ku Ulaya, ena anazilota kalekale pa ife, ndipo anagula.

Mukadzakwera galimoto kuchoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, mudzayang'ane kudzanja lamanja. Nyanja ili pomwepo, koma m'malo ambiri simudzaiona. Mudzaona zikwangwani, mageti ndi mipanda ya njerwa. Kuseri kwake kuli mahotela odziwika ngati Sunbird Nkopola ndi Makokola, komanso makoteji ambirimbiri amene eni ake amabwerako pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa tchuthi china chikapezeka. Masiku ena onse mumakhala mlonda, wosamalira maluwa ndi agalu. Mudzi uli kumtunda. Kuti mayi akatsuke mbale kapena kuchapa, amadutsa m'kanjira kopanikizika pakati pa mipanda iwiri, kamene anthu awiri osenza ndowa sangapatukirane bwino. Kumapeto kwa kanjirako ndi kumene mudzi wonse umapanikizana: mabwato, makoka, thandala la usipa, ana osamba, mbuzi zakumwa madzi. Mukasuzumira mbali iyi, mchenga wosesedwa bwino uli mbee, wopanda phazi la munthu.

Ndili ndi zaka 12 ndinathamangitsidwa pamchenga wotero. Tinkayenda m'mphepete mwa madzi kuchokera kudoko, ndipo mlonda anatikalipira kuti tatsala pang'ono kudzutsa abwana. Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mlondayo anali wa m'mudzi mwathu momwemo. Madzulo ake tinakumana pamaliro, iye n'kuyang'ana kumbali.

Anzanga a m'kalasi amakonda kunena kuti azungu ndi amwenye anatilanda nyanja. Mawuwa amakoma pamtsutso, koma ndi theka chabe la nkhani. Alipodi akunja amene ali ndi malo kuno, koma makoteji ambiri amene ine ndimawadziwa ndi a Amalawi anzathu: akuluakulu a makampani, andale, maloya, madokotala a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndipo malowo sanatengedwe ndi mfuti. Panali banja lina limene linkafuna fizi kapena malata, panali mfumu imene inavomera, panali wa sitampa amene anasandutsa malo a makolo kukhala lizi. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka. Kungoti wogulitsa ankaganiza kuti akugulitsa mchenga wosamera chimanga, pamene wogula ankadziwa kuti akugula khomo lolowera kunyanja.

Sindikukana kuti alendo amabweretsa ndalama. Ndili ndi abale amene anaphunzitsa ana ndi malipiro a kuhotela. Nthawi imene chikondwerero cha Lake of Stars chinkachitikira ku Nkopola, ogulitsa ziboliboli, nsomba ndi mandasi ankapha makwacha. Hotela imalemba anthu ambiri ndipo imagula zinthu chaka chonse. Koma koteji yotsekedwa miyezi khumi pachaka imadya gombe la mudzi n'kubweza ntchito ziwiri kapena zitatu za malipiro ochepa. Kusinthana kumeneko sindikuona phindu lake.

Anthu a pa zilumba zimene mnzanga amasirira afika kale pamene ife tikupita. Mu 2024 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Palma, pachilumba cha Mallorca, kudandaula kuti alendo ndi ogula nyumba ochokera kunja akweza lendi mpaka mwana wobadwira pomwepo sangapeze pogona. Ku Ibiza, ena mwa ogwira ntchito m'mahotela amagona m'magalimoto ndi m'matenti. Dziko la Greece, limene mu 2013 linayamba kupereka chilolezo chokhalira kwa aliyense wogula nyumba ya mayuro 250,000, linakweza mtengowo kufika pa 800,000 pa zilumba monga Mykonos ndi Santorini. Spain inathetseratu dongosolo lotere mu 2025. Cyprus inasiya kugulitsa unzika mu 2020 atolankhani a Al Jazeera ataulula zachinyengo, ndipo mu 2025 khoti lalikulu la European Union linagamula kuti Malta ikuphwanya malamulo pogulitsa mapasipoti.

Pali chilumba chinanso m'nyanja yomweyo chimene sichioneka m'mavidiyo a nyumba: Lampedusa. Pafupi ndi gombe lake, mu Okutobala 2013, anthu opitirira 360, ambiri ochokera ku Eritrea, anamira boti lawo litagubuduka. Ndinamuuza mnzanga kuti kwa munthu wa pasipoti ngati yathu amene alibe mayuro 800,000, khomo la Mediterranean nthawi zambiri limakhala limenelo. Sanaseke.

Tibwerere kwathu. Mu 2024 nyanja inadzaza kuposa mmene ambirife tinaionerapo chibadwire. Madzi analowa m'makoteji ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, mipanda ina n'kugwa. Eni malo ena analoza chala zitseko za madzi za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Akuluakulu oyang'anira madzi anayankha kuti nyumba zambiri zinamangidwa pamalo osaloledwa, kunsi kwa mzere wa mamita 477. Ine chinandidabwitsa n'chakuti mzerewo unalipo nthawi yonseyi. Lamulo loti m'mphepete mwa nyanja musamangidwe linalipo pamene tinkathamangitsidwa pamchenga uja, ndipo palibe anabwera kudzaliwerenga. Linakumbukiridwa madzi atalowa pabalaza pa anthu otchuka. Za anthu a m'midzi amene nyumba zawo za zidina zinagwanso, nkhani zake zinali zazifupi.

Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo a malo n'kukhwimitsa zoti akunja azipeza malo kuno. N'zabwino, koma mpanda sufunsa pasipoti ya mwini wake. Wa Mmalawi umatseka njira chimodzimodzi. Chimene ndingakonde kuona n'chosavuta kumva. Khonsolo ya Mangochi ilembe madoko onse ndi njira zopita kunyanja, iziike pamapu, ndipo lizi iliyonse ya m'mbali mwa nyanja izinena kuti mchenga wa m'mphepete mwa madzi ndi wa aliyense. Makomiti a malo a m'midzi, amene lamulo la 2016 linakhazikitsa ndipo mumakhalanso amayi, azikana kugulitsa gombe lomaliza la mudzi, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama zodzaza chikwama. Amayi ndi amene amayenda m'tinjira tija tsiku ndi tsiku, ndiye amadziwa pamene patsala.

Ndikulemba izi kwa inu anzanga chifukwa ogula a mawa ndi ifeyo. Zaka khumi zikubwerazi ena mwa inu mudzakhala ku banki, ku maunduna, kapena kunja mukulandira madola, ndipo wina adzakutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha puloti ya kunyanja. Anyamata a kwathu amene amapita ku Joni amatumiza ndalama kuti amange kumudzi, koma kumadzi sangafikeko. Mitengo yake inawapitirira kalekale, ndiye amamanga kumtunda, kutsidya la msewu.

Mnzanga uja wasintha maganizo pang'ono. Dzulo anandifunsa ngati ku Nkopola kukadali mapuloti oyang'ana chilumba cha Boadzulu, ndi kuti amfumu angafune zingati. Ndamuuza kuti tipitire limodzi tchuthi chikubwerachi. Adzagona kwathu, ndipo m'mawa ndidzamupatsa ndowa.