Jumbo ya chimanga siwola chifukwa cha dzina lokha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, nkhani ya majumbo ija sinathe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, khothi la Supreme n'kuvomereza mu 2019, ndipo ena akuti chipulumutso chathu ndi mapulasitiki ochokera ku zomera. Ine ndikuti tisafulumire kuwomba m'manja.

Ganizirani mkute. Nsima ikagona imauma chifukwa timaunyolo ta sitachi timandandalikananso mwadongosolo. Kundandalikana kumeneku ndiye kupanga makristalo. Mukathira ufa wa chinangwa mu ufa wa chimanga, mkute wake umasintha kalimbidwe. Amayi a kuno ku Ligowe amazidziwa izi osalowa mu labu.

Pulasitiki nayonso n'chimodzimodzi. PLA, yochokera ku chimanga kapena nzimbe, imachedwa kupanga makristalo, ndiye ikakhala yokha imafewa kutentha kukafika madigiri 60. Kapu yake tiyi aipinda. PHB, yopangidwa ndi mabakiteriya, imene Maurice Lemoigne anaitulukira ku France m'ma 1920, ili ndi makristalo ochuluka, mpaka imathyoka ngati bisiketi. Mukasakaniza ziwirizi, makristalo a PHB amapatsa timaunyolo ta PLA poyambira kundandalikana. Chodabwitsa kwambiri anachipeza Ikada ndi anzake ku Japan mu 1987: mitundu iwiri ya PLA, imene uliwonse umasungunuka pa madigiri pafupifupi 180, ataisakaniza inayamba kusungunuka cha pa 230.

Vuto lagona apa. Madzi ndi tizilombo towoletsa zinthu timayamba kudya pamene timaunyolo tili balalabalala. Makristalo akachuluka, chinthucho chimalimba, inde, koma chimachedwanso kuwola. PLA imafuna kompositi ya kufakitale yotentha madigiri 58, osati dzenje la kuseri kwa nyumba. Ndipo majumbo ambiri otere amawasakaniza ndi PBAT, imene kawirikawiri imachokera ku mafuta a pansi.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi mmene timaphunzitsira ma polymer mu Chemistry. Timaloweza ana mawu akuti biodegradable, akalemba pa MSCE, basi nkhani yatha. Ena mwa ana amenewa adzakhala m'maofesi ogula katundu wa boma. Wogulitsa akadzabwera ndi jumbo yojambulidwa tsamba lobiriwira, ndikufuna adzamufunse kuti mwasakanizamo chiyani, ndipo iwola pa kutentha kotani, m'miyezi ingati.