ZA PAKHOMO PATHU: Msana wa Galu Wokalamba

Mwezi uno tinati tilembe za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe, koma kalata ina yatibweza panjira. Yachokera kwa mayi wina wamasiye wa kufupi ndi msika wa Songani, amene munda wawo uli m'tsinde mwa phiri, kumene anyani amatsika chaka ndi chaka chimanga chikayamba kukhwima. Ali ndi galu dzina lake Tionenji, wa zaka 10, amene walonda munda umenewo ndi khola la mbuzi chiyambire ali kamwana. Tsopano, atero mayiwo, galuyo sadzuka msanga m'mawa, msana wake wapindika ngati uta, pakhonde akwera movutika, ndipo mdzukulu akamkhudza m'chiuno alira. Anansi awalangiza zinthu zitatu: wina ati amsinjire Brufen mu nsima, wina ati amtemere mphini, ndipo wachitatu ati angokamtaya kuphiri pakuti ntchito yake yatha. Mayiwo afunsa ngati palibe njira ina. Tinapita kukamuona galuyo Loweruka lina, ndipo zimene tinakambirana tazilemba pano, pakuti Tionenji sali yekha m'chigwa cha Domasi.

Titafika tinaima patali, osamkhudza, ndi kuyamba kufunsa. Kodi vutoli linayamba liti? Kodi akudya ndi kumwa bwino? Kodi analumidwapo ndi galu wachilendo kapena nkhandwe? Nanga katemera anabayitsa liti? Tinatero chifukwa chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Chilipo china chachete, chimene chifooketsa miyendo, chibwano nichilendewera, dovu likuchucha, ndipo galu afa masiku 10 asanathe. Munthu wachifundo amene apisa dzanja m'kamwa mwa galu wotere, poyesa kuti fupa lamuima pakhosi, adziitanira imfa yekha. Chifukwa chake galu amene walemala mwadzidzidzi, nasintha khalidwe, mumtsekere, muchotse ana, muitane a vetenale. Ndipo wina akalumidwa kapena kunyambitidwa pabala, asambe pamenepo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo. Tionenji analibe zizindikiro zimenezi. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ku Blantyre pamodzi ndi a vetenale a boma, ndipo ntchitoyo itafika kuno ku Zomba mayiwo anazolowera kupita naye ku katemera chaka chilichonse. Vuto lake linadza pang'onopang'ono, chaka chathunthu, likukula m'miyezi ya June ndi July pamene chisanu chitsika kuphiri.

Tsono msana wa galu uli chonchi. Kuyambira pakhosi kufika m'chiuno muli timafupa 27 tondondozana, ndipo pakati pa timafupato pali tinthu tofewa ngati mphira tochinjiriza kuti fupa lisakhulane ndi linzake. M'kati mwa timafupato mudutsa mtsempha waukulu wotenga mawu kuchokera ku ubongo kupita kumiyendo. Galu akakalamba, tofewa tija tiuma ndi kuphwa, m'mphepete mwa mafupa mumera timinga ta fupa, ndipo mfundo za m'chiuno ndi m'mawondo zigwidwa nyamakazi monga ichitira ndi agogo athu. Zimenezi sizibwerera m'mbuyo, ndipo amene akuuzani kuti ali ndi mankhwala obwezera msana wakale akufuna ndalama zanu. Chotheka ndicho kuchepetsa ululu ndi kusunga mphamvu ya minofu.

Pa malangizo a anansi aja, loopsa koposa ndi loyamba lija, looneka ngati lanzeru. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene ife timwa msana ukatipweteka titachokera kumunda, thupi la galu siliwapirira monga lathu. Amaboola zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo mwini aona galu wake akusanza magazi ndi kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, osadziwa kuti ndi dzanja lake lachita zimenezo. Panado womwe akachuluka awononga chiwindi cha galu, ndipo mphaka amupha ndithu. Alipo mankhwala a ululu oyenera agalu, monga carprofen ndi meloxicam, koma muyezo wake utsata kulemera kwa galuyo, ndipo woyeza ndi dokotala wa ziweto, osati wogulitsa pa okala. Za mphini sitichulukitsa mawu. Lumo lifika pakhungu pokha, pamene ululu uli m'kati mwa mafupa. Chotsalapo ndi bala limene galu anyambita usiku wonse, ntchentche nizitera usana.

Wina adzafunsa kuti, nanga kumaiko akutali amachita chiyani? Kumeneko eni agalu amalipira ndalama zambiri pa njira zosadalira mapiritsi. Ena amabayitsa galu tisingano ting'onoting'ono m'malo osankhika a thupi, luso lochokera ku China. Ena amamyendetsa m'chithaphwi cha madzi ofunda kuti madziwo anyamule kulemera kwake. Ena amamtikita minofu, ndipo ena amamthyolathyola msana ati kuuwongola. Za tisingano, akatswiri amene anasonkhanitsa kafukufuku wake mu 2006 sanapeze umboni wokwanira wakuti timachiza ziweto, ngakhale eni ake ambiri amati agalu awo amapepukidwa. Kuthyola msana kuja ife tikukukanizani kotheratu, pakuti ngati kofewa kena kamwendo kale, dzanja lamphamvu likhoza kukakankhira pa mtsempha waukulu, galu nalemaliratu. Palinso mapiritsi a glucosamine ndi chondroitin, ogulidwa kwambiri. Koma pamene akatswiri a ku Canada anawerenga pamodzi zofufuza zambiri mu 2022, anapeza kuti sathandiza ululu wa nyamakazi ya agalu, pamene mafuta a nsomba anaoneka kuti amathandiza. Tinaseka m'mtima powerenga zimenezi, pakuti chodula chinagwa, ndipo chimene chinaima chili pamsika wa Songani tsiku lililonse.

Tinayamba tsono ndi pogona. Tionenji anali kugona panja pa simenti yozizira, womangidwa tcheni chachifupi m'khosi, ndipo akamasulidwa anathamangira ku phulusa la kukhitchini. Mayiwo anali kumkalipira chifukwa cha phulusalo, koma galuyo anali kuwauza mankhwala ake: afuna kufunda. Tinapinda ziguduli zitatu, tinaika udzu wouma pansi pake, pangodya ya khitchini posafika mphepo ndi mame, patali pang'ono ndi moto. Tcheni tinachotsa. Pakhonde tinatsamiritsa thabwa lalikulu kuti azikwera osalumpha, ndipo mbale yake tinaikweza pa njerwa ziwiri kuti asawerame kwambiri pakudya.

Chachiwiri ndicho kuthowa, kumene amayi athu akudziwa bwino koposa ife olemba. Muviike nsalu m'madzi ofunda, muyese kutentha kwake pa mkono panu monga muchitira ndi madzi osambitsa khanda, muifinye, ndi kuiika pa minofu ya mbali zonse ziwiri za msana kwa mphindi 10, m'mawa ndi madzulo. Pamenepo musisite ndi chikhatho pang'onopang'ono kuchokera kumapewa kutsikira kuntchafu, osasindikiza pa fupa lenileni. Galu akalira kapena akaumitsa thupi, lekani. Mukatha mumpukute aume, pakuti ubweya wonyowa m'nyengo ya chiperoni ubwezera chisanu chomwe munachotsa. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wamkulu amene galuyo amdziwa, osati ana; ululu uchititsa ngakhale galu wofatsa kuluma, ndipo si chipongwe kummanga pakamwa mopepuka ndi kansalu masiku oyamba.

Chachitatu ndicho kuyenda. Ambiri ayesa kuti chifundo ndi kumleka agone tsiku lonse, koma mfundo yosayenda iuma, ndi minofu yosagwira ntchito isungunuka. Galu wotere ayende pang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku, pamalo athyathyathya, dzuwa litafunda, mphindi 10 poyamba. Mawa lake akadzuka wouma koposa dzulo, mudziwe kuti munapyola muyezo. Zothamangitsa anyani m'matanthwe zatha, ndipo anyamata asamtengenso ku uzimba. M'mwezi wa October, kukatentha, akhoza kuyenda m'madzi odekha ofika m'mimba mwake m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, atagwiridwa chingwe. Umenewo ndiwo mwambo wa chithaphwi chija wopanda malipiro. M'madzi ozizira a June asalowe konse.

Za chakudya tiyenera kunena mbali ziwiri. Ku America akatswiri anasunga agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse, theka lawo akulipatsa chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 4; ndipo mu 2002 analengeza kuti ochepetsedwawo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka 2 koposa anzawo, nyamakazi nichedwa kuwavuta. Phunziro limeneli ndi la abale athu a m'tauni ya Zomba, amene agalu awo anenepa m'mipanda mpaka nthiti zosamveka ndi dzanja. Kumudzi vuto ndi lina. Galu wodya mkute ndi phala la gaga zokha aonda m'ntchafu, ndipo msana utsala wopanda chougwira. Kadzanja ka usipa kapena matemba a ku Chilwa, ophikidwa opanda mchere ndi anyezi ndi kusakaniza m'phala lake, kampatsa zomanga minofu ndi mafuta omwe. Mayiwo anati ndiwo zimenezo ngakhale iwo sazipeza tsiku lililonse. Tinavomera, ndipo tinagwirizana kuti katatu pa sabata, ngakhale mitu ndi zinyenyeswa zotsala pansi pa dengu, zimene amalonda amagulitsa motchipa. Nkhupakupa ndi njoka za m'mimba nazo zichotsedwe ndi mankhwala a vetenale, pakuti zimtha magazi.

Pali malire amene njira zonsezi zilekera. Galu akayamba kukoka miyendo yakumbuyo, akamaponda ndi kumsana kwa phazi zikhadabo zikukhula pansi, kapena akalephera kukodza kapena kudziletsa, ndiye kuti mtsempha waukulu wapanikizika. Pamenepo musathowe, musasisite, musamyendetse. Mumgoneke pa thabwa, mumsunge pamalo ochepa osayendayenda, ndipo mufune dokotala wa ziweto msanga. Ndipo likadza tsiku lakuti sadyanso, sadzukanso, alira usiku wonse, a vetenale ali nayo njira yomgoneka mopanda ululu. Kukamtaya kuphiri kuti afisi amalize ndi malipiro oipa kwa mlonda wa zaka 10.

Patapita masabata 6 tinadzeranso ku Songani pa tsiku la msika. Msana wa Tionenji unali wopindikabe, ndipo mayiwo anati m'mawa mukachita mitambo adzuka mochedwa monga kale. Koma anatichingamira pa thabwa lija akugwedeza mchira, natiperekeza kufikira pa mtengo wa mango wa kumalire a bwalo, pamene anakhala pansi. Kumunda tsopano kupita kagalu kamene mayiwo anapempha kwa mlongo wawo ku Malosa. Tionenji atsala pakhomo, ndipo ndiye auwa poyamba usiku kukhola kukachita phokoso. Za nkhokwe zija tidzalemba mwezi wamawa.