Ulendo wa Pandege Umayambira Pansi

Masiku ano sichilinso chachilendo kumva kuti amayi akutiakuti a m'mudzi mwathu akupita ku Johannesburg kukalera mdzukulu, kapena kuti mnyamata uja tinkamphunzitsa mu Sitandade 5 wapeza malo a maphunziro ku Ulaya. Ana athu adabalalika, ndipo akakhazikika kumeneko amatumiza tikiti kuti makolo akaone kumene akukhala. Tsono tikiti ikafika chimwemwe chimakhala cha tsiku limodzi. Tsiku lachiŵiri mantha ayamba. Onse amene amadzatifunsa, funso lawo loyamba ndi limodzi: "Kodi chinthu chimenechi sichigwa?"

Mantha ameneŵa sitiwaseka, pakuti ali ndi pochokera. Akuluakulu akukumbukira mwezi wa April 1974, pamene ndege ya WENELA yobwera ndi anthu a kumigodi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalaŵi oposa 70. Achinyamata nawonso sadaiŵale tsiku la 10 June 2024, pamene ndege yaing'ono ya asilikali idagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kutenga moyo wa Wachiŵiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr. Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Zilonda zotere sizipola msanga. Komabe tiike pambali pake chiŵerengero ichi: m'chaka cha 2023, malinga ndi kaundula wa bungwe la makampani a ndege la IATA, ndege zamalonda pa dziko lonse zidayenda maulendo oposa 37 miliyoni, ndipo ngozi yopha anthu idali imodzi, ya ku Nepal. Munthu amene wafika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi atakwera minibasi yodzaza kuchokera ku Dedza kapena ku Mponela, gawo loopsa la ulendo wake walidutsa kale.

Zimene zimaonongadi maulendo a anthu oyamba ndizo mapepala, nthaŵi ndi katundu, ndipo zitatu zonsezi zimachitikira pansi, ndege isananyamuke.

Tiyambe ndi dzina. Ife Achewa munthu mmodzi amakhala ndi maina ambiri: la ubwana, la kusukulu, la mfunda, ndipo kwa amayi, la amuna awo. Mwana amene akugula tikiti ali kutali amalemba dzina limene adalizoloŵera, pamene pasipoti idatuluka ndi lina. Pabwalo la ndege palibe mfumu kapena mnansi woti achitire umboni kuti munthuyo ndi yemweyo. Maina akasiyana, mlendo akhoza kubwezedwa tikiti ili m'manja. Chotero jambulani tsamba la pasipoti ndi kulitumiza kwa wogula tikiti asanalipire. Tikiti ikabwera, khalani pansi ndi mwana wa sukulu, muyerekeze mapepala aŵiriwo chilembo ndi chilembo, monga achitira mphunzitsi pochonga kalembedwe.

Onaninso tsiku lothera pasipoti. Maiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 yotsala ndiponso masamba opanda chidindo. Mmalaŵi wopita kukacheza ku South Africa safunika viza, koma amapatsidwa masiku osapitirira 30. Kuyambira mu 2014 lamulo la kumeneko lidalimba: wopitirira masiku ake amaletsedwa kuloŵanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapitirira ndi masiku oposa 30 chiletso chimafika zaka 5. Agogo amene aitanidwa kukasamalira wobereka aŵerengere bwino, chifukwa mwezi umodzi pa khanda sukhalira kutha. Ku Britain ndiye viza iyenera kupezeka munthu asananyamuke, ndipo popanda iyo kampani ya ndege siimkweza n'komwe. Amene ulendo wake ukhudza maiko a matenda a yellow fever, monga Kenya ndi Ethiopia, afunse za khadi lachikasu la katemera. Khadilo limayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayire, kotero si chinthu chokumbukira dzulo lake. Ubwino wake ngwakuti kuyambira 2016 katemera mmodzi akwanira moyo wonse.

Za nthaŵi tinene mosabisa: ndege si basi ya pa depoti yodikira kuti idzaze. Pa ulendo wa kunja fikani maola atatu nthaŵi isanakwane, pakuti popimitsira katundu amatseka pafupifupi ola lathunthu ndege isanauluke. Mwambo wathu woperekeza ngwabwino, koma malonje, malangizo ndi misozi zithere kunyumba, chifukwa operekeza saloledwa kupyola pa chipata cha apolisi, ndipo kugwirana chanza ndi fuko lonse kwasiyitsapo anthu ndege. Matikiti amaŵerenga maola mpaka 24, kotero 14:00 ndiyo 2 koloko masana. Msampha weniweni uli pa nthaŵi zonga 00:30. Tikiti ikati Lachisanu 00:30, munthu ayenera kukhala pabwalo Lachinayi usiku. Wobwera Lachisanu madzulo adzapeza ndege yake idapita kalekale. Ndiponso nthaŵi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya kumalo komweko. Johannesburg ali pa nthaŵi imodzi ndi ife, koma Nairobi ndi Addis Ababa ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo wotchi yosasinthidwa idzakunamizani kuti mudakali ndi mpata.

Katundu ali m'magulu aŵiri: sutikesi yaikulu imene mumapereka kuti ikaloŵe kunsi kwa ndege, ndi kachikwama kokwera nako. Kaŵirikaŵiri yaikulu isapitirire makilogalamu 23 ndipo kakang'ono 7, koma mlingo wanu weniweni udalembedwa pa tikiti. Pimirani kunyumba pa sikelo ya chimanga. Makilogalamu opitirira amalipitsa ndalama zoŵaŵa, ndipo n'zochititsa manyazi kumasula sutikesi pa anthu ndi kuyamba kusankha zosiya. M'kachikwama muikemo zimene simungagone popanda: mankhwala a BP kapena a shuga m'mapaketi ake, magalasi, foni ndi chaja, chovala chimodzi chosinthira, ndi juzi, pakuti m'ndege mumazizira. Mabatire osungira moto wa foni aloŵe m'kachikwama komweko, osati m'sutikesi yaikulu, chifukwa akhoza kuyaka, ndipo moto uyenera kuyambira pamene anthu angauone. Mpeni, lumo ndi sizasi zipite m'sutikesi yaikulu. Zamadzimadzi, ngakhale mafuta odzola, mabwalo ambiri salola botolo loposa mamililita 100 m'kachikwama. Lamuloli lidayamba mu 2006 atatulukira chiwembu chophulitsa ndege ndi mankhwala amadzi ku London. Thobwa la panjira mumwere kunja.

Tsopano tifike pa nkhani imene itilemera koposa zonse. Ikamveka mbiri yakuti uje akupita ku Joni, mitolo imayamba kufika: uyu kathumba ka ufa ka mwana wake, uyu usipa, uyu kabokosi komata bwino ndi selotepi "kongokapereka kwa mnzanga akakuchingamirani." Kukana kumaoneka ngati kudzikuza, ndipo ife tidaleredwa kuti wapaulendo ndiye mtumiki wa mudzi. Koma pabwalo adzakufunsani ngati mwalongedza nokha katundu wanu ndiponso ngati wina wakupatsani kanthu, ndipo funsoli si la mwambo chabe. Pa malamulo, chilichonse chopezeka m'sutikesi yanu ndi chanu. Ogulitsa chamba ndi mankhwala ozunguza bongo amafunafuna anthu amene apolisi sangawakayikire: mayi wachikulire wa duku lake, mtsikana wa sukulu, bambo wa ulemu wake. Ku South Africa ndi ku Britain mlandu wotere ndi wa zaka zambiri m'ndende. Ku Saudi Arabia, ku China ndi ku Singapore chilango chake chimafika pa imfa. Mawu akuti "adangondipatsira" woweruza adawamva kwa onse amene adaima pamaso pake. Ife tikuti mtolo uliwonse umasulidwe mwiniwake ali pomwepo, muone ndi maso, mugwire ndi manja, mulongedze nokha. Mbale woona sangakwiye ndi zimenezi. Amene akwiye, kapena amene akuti musatsegule, mbwezereni katundu wake mwaulemu, ndipo pabwalo penipeni musalandire kanthu kwa munthu aliyense, ngakhale atalankhula Chichewa chokoma chotani.

Achinyamata amene tikiti yawo yagulidwa ndi wowalonjeza ntchito kunja asamale koposa. Atsikana athu ena adapita ku Oman m'njira imeneyi, nalandidwa mapasipoti atangofika, ndipo kubwerera kudakhala kovuta. Makolo atsale ndi chithunzi cha pasipoti, dzina la kampani ndi keyala ya kumene mwana akupita.

Zakudya zathu nazo zili ndi malire. Ku Britain nyama ndi zamkaka zochokera kuno siziloledwa, ngakhale nyama yofutsa. Nsomba zouma amalola pa mlingo wake. Funsani kwa amene ali komweko musanagule, ndipo usipa muumange m'mapulasitiki aŵiri kapena atatu, poganizira zovala zanu ndi mphuno za anzanu.

Mukapimitsa katundu adzakupatsani kapepala kokwerera, kamene eni ake amati boarding pass. Pamenepo palembedwa chipata chanu, nthaŵi yokwerera ndi nambala ya mpando. Adzamatanso kapepala kena kakang'ono ka nambala ya sutikesi. Kasungeni monga lisiti ya feteleza. Pa makina ounikira adzakuuzani kuvula lamba, wotchi, mwinanso nsapato. Si chipongwe, amachitira aliyense.

Za m'ndege momwemo n'zopepuka kuposa mmene anthu amaganizira. Mangani lamba, mverani zimene otumikira akusonyeza, ndipo ŵerengani mizere ya mipando kufikira khomo lapafupi. Ponyamuka injini zimabangula, msana umakanikizika kumpando, kenaka pansi pamamveka kugunda: amenewo ndi mateyala akupindidwa. Ndege zazikulu zimauluka pa mamita 10,000 kapena kuposa, ndiko kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, ya mamita 3,002, kuisanjikiza koposa katatu. Kunjako kumazizira kufika madigiri 50 kunsi kwa ziro ndipo mpweya ngwochepa, kotero m'kati amapoperamo mpweya wofanana ndi wa pamwamba pa phiri la Dedza. Kusintha kumeneku ndiko kumatseka makutu, makamaka potsika, pamene mpweya wa kunja kwa khutu ukanikiza kuposa wa m'kati. Mezani malovu, yasamulani, kapena tafunani kanthu; khanda liyamwitseni. Mphamba ya mpweya ikagwa kuchokera kudenga, kholo livale yake lisanaveke mwana. Izi zimamveka zosemphana ndi mtima wa kholo, koma pa utali umenewo munthu akhoza kukomoka mphindi imodzi isanathe, ndipo wokomoka sathandiza mwana.

Ndege ikayamba kugwedezeka musaganize kuti yafika nthaŵi. Mlengalenga muli mafunde monga panyanja, ndipo amene adakwerapo Ilala nyengo ya mwera adzaona kuti izi n'zochepa. Ovulala pa kugwedezeka amakhala osamanga lamba, choncho likhale lomanga nthaŵi yonse muli pampando. Imwani madzi, ndipo musadzimane poopa chimbudzi. Chilipo, chitseko chake chimakhomeka, ndipo phokoso lake pogujumula lisakudzidzimutseni. Ulendo wa ku Johannesburg ndi wa maola aŵiri ndi pang'ono, pamene pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge munthu amagona panjira. Koma pa ulendo wautali, monga wa maola pafupifupi 8 kuchokera ku Addis Ababa kufika ku London, imirirani nthaŵi ndi nthaŵi ndi kutambasula miyendo kuti magazi asaundane m'mitsempha. Okalamba, amayi oyembekezera ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa ayambe aonana ndi dokotala.

Posinthira ndege ndipo pamasokoneza ambiri. Mukatsika ku Addis Ababa kapena ku Nairobi musatsate khamu lotuluka. Tsatani zikwangwani za Transfer kapena Connecting Flights, pezani chipata chanu poyamba, zopuma ndi tiyi pambuyo. Yang'anani nambala ya ndege yanu pa zikwangwani zamagetsi, pakuti chipata chimasintha. Funsani kale ku Lumbadzi kapena ku Chileka ngati sutikesi ikafika yokha kumathero. Safunsa adadya phula: sonyezani kapepala kanu kwa wovala yunifolomu, ngakhale Chingerezi chikhale chopereŵera. Kwa agogo ovutika kuyenda, wogula tikiti apemphe njinga ya olumala masiku aŵiri ulendo usanafike. Salipiritsa, ndipo wokankhayo amawafikitsa pa chipata chenicheni.

Pofika adzakufunsani kumene mukakhale, kwa yani, ndi tsiku lobwerera. Yankhani zoona ndi mwachidule, tikiti yobwerera ili pafupi. Sutikesi ikapanda kutuluka pa lamba wozungulira uja, musachoke m'chipindamo musanalembetse pa ofesi ya katundu wosoŵa ndi kapepala kakang'ono kaja. Zambiri zimapezeka ndi kutumizidwa m'masiku otsatira. Keyala ndi nambala ya wokuchingamirani zikhale zolembedwa papepala, chifukwa foni ya kuno ikhoza kukhala chete kumeneko. Akapanda kuoneka, khalani pa malo ofikira alendo pomwepo, musakwere galimoto ya munthu wongodzipereka, ndipo pemphani wa pa desiki ya Information kuti akuimbireni nambalayo.