Fupa la nsagwada silidikira ofufuza a ku Ulaya

Amayi anzanga a ku Thambani, mukadzakumana pa msonkhano wa bungwe mudzayang'anitsitse anzanu akamaseka. Mudzaona angapo akutseka pakamwa ndi dzanja kapena nsonga ya chitenje, ndipo ena a iwo sanakwanitse n'komwe zaka 40. Pa zaka zonse zimene ndagwira uzamba ndaona amayi otere ambirimbiri ku sikelo, ndipo ndikuvomera kuti kwa nthawi yaitali ndinkayeza mimba, magazi ndi kutupa kwa mapazi, koma m'kamwa osayang'anamo.

Dzino likazulidwa, sikuti pangotsala mpata. Fupa la nsagwada limakhala lolimba chifukwa muzu wa dzino umaligwiritsa ntchito tikamatafuna. Muzuwo ukachoka fupa limayamba kusungunuka, makamaka m'miyezi 6 yoyamba, ndipo silimeranso lokha. N'chifukwa chake agogo opanda mano masaya amalowa m'kati, ndipo mano oikirira amayamba kugwedera pakapita zaka.

Akatswiri akhala akulimbana ndi vutoli kuyambira kale. M'chaka cha 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, adaika kachitsulo ka titanium m'fupa la kalulu, ndipo pofuna kukachotsa adapeza kuti fupa lakagwira zolimba. Mu 1965 adaika timisomali ta chitsulochi m'nsagwada za munthu woyamba, pamwamba pake n'kumangirirapo mano. Lero masukulu a ukachenjede a m'mayiko osiyanasiyana amagwirizana pofufuza momwe angameretsere fupa pamene lidatha: amathirapo tizidutswa ta fupa la mwini wake, la ng'ombe loyeretsedwa bwino, kapena lochita kupanga, n'kuphimba ndi kansalu kapadera mpaka fupa latsopano litamera. Zimatenga miyezi, zimafuna makina ojambulira, ndipo mtengo wake mlimi wa manachesi ku Mwanza sangaufikire ngakhale chaka chimene mitengo yabereka mpaka kuthyoka nthambi.

Sindikunyoza kafukufukuyu. Munthu amene waphwanyika nsagwada pa ngozi ya kabaza, kapena wachotsedwa chotupa m'kamwa, amafunikadi nzeru zimenezi. Komanso mgwirizano wa masukulu ife a Malawi taona kale zipatso zake. Mu 2018 University of Glasgow ya ku Scotland ndi College of Medicine ya ku Blantyre, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, adayamba ntchito yotchedwa MalDent ndi thandizo la boma la Scotland. Nthawi imeneyo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50, onse ophunzira kunja. Mu 2019 ophunzira oyamba adayamba maphunziro a udokotala wa mano konkuno, mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa, ndipo mu 2025 gulu loyambalo lidamaliza maphunziro. Chimene ndimayamikira ndi chakuti adayambira pansi, kuphunzitsa anthu athu ndi kuteteza mano a ana, osati kutibweretsera timisomali.

Koma madokotala ochepawo adzatenga zaka kuti afike dera lililonse, pamene nsagwada yanu ikusungunuka chaka chino. Choncho ndili ndi mlandu ndi zinthu ziwiri zimene timauzana pa chitsime.

Choyamba ndi chakuti mwana ali m'mimba amadya mano a mayi ake. Si zoona. Mwana satenga kanthu m'mano anu. Chimene chimachitika ndi chakuti mimba imasintha thupi, nkhama zimatupa msanga n'kumatuluka magazi, mayi n'kuleka kutsuka poopa magaziwo. Onjezanipo kusanza kwa miyezi yoyamba, komwe kumabweretsa asidi m'kamwa, ndi tiyi wa shuga supuni zitatu kapena Sobo womwera tsiku lonse kuti mtima ukhale pansi. Mano amaola chifukwa cha zimenezi. Nkhama zikamatuluka magazi pitirizani kutsuka, kawiri pa tsiku, ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo mukatha mungolavula osatsukuluza. Mukasanza, tsukuluzani ndi madzi, mudikire kaye musanagwire mswachi.

Chachiwiri chimandiwawa kwambiri: chakuti mayi woyembekezera sakhudzidwa dzino mpaka atachira. Ndidaonapo mayi wina wa mimba ya miyezi 7 yemwe apongozi ake adamuletsa kupita kuchipatala pa chifukwa chimenechi. Adapirira milungu itatu, akuika asipirini pa nkhama, zomwe zidangomuwotcha. Adafika tsaya litatupa mpaka pakhosi, akulephera kumeza ngakhale phala. Mafinya a dzino akatsikira m'khosi amatha kutseka njira ya mpweya. Adapulumuka, koma akadabwera sabata yoyamba mwina dzinolo likadangomatidwa. Jakisoni wochititsa dzanzi pa dzino savulaza mwana. Miyezi ya pakati, wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi, ndiyo yabwino kwambiri kukonza mano, koma dzino lotupa silisankhiridwa mwezi.

Ndipo mukafika kwa a mano, musayambe ndi mawu akuti "ndabwera kudzazula". Funsani ngati lingamatidwe. Nthawi zina yankho lidzakhala lakuti mwachedwa, kapena kuti zomatira palibe, ndipo pamenepo kuzula n'koyenera. Koma funsani ndithu, chifukwa zimene odwala safunsa, ogula zipangizo amaziika kumapeto.

Inu ndi amene mumaperekeza atsikana ku sikelo, ndipo ena mwa inu muli m'komiti ya chipatala. Kapempheni kumeneko zinthu ziwiri: kuti mzamba aziyang'ana m'kamwa mwa mayi aliyense pa ulendo woyamba wa sikelo, ndiponso kuti a mano ochokera ku boma azikhala ndi tsiku lodziwika lofika ku Thambani, lolengezedwa m'tchalitchi ndi m'miphakati. Kuyang'ana m'kamwa sikufuna makina, ndi tochi ndi mphindi ziwiri basi. Ine kumbali yanga ndayamba kale: wophunzira wanga aliyense akandibweretsera khadi la mayi woyembekezera losalembedwa za m'kamwa, ndimamubweza akamuyang'anenso.